Mmene mungalosere mayina olowa pamndandanda wa Oscar muli konkuno ku Mangochi

Pafupifupi chaka chilichonse mu Januwale, mvula ili pakati, bungwe la Academy ku Los Angeles limalengeza mafilimu ndi anthu omwe apikisane pa mphoto za Oscar. Amalengeza m'bandakucha, 5:30 nthawi ya kwawo, yomwe kuno imakhala 3:30 masana poti tili patsogolo ndi maola 10. Mwambo wopereka mphotozo umachitika mu Malichi, kuno kuli pakati pa usiku, ndipo ambirife timangomva kutacha kuti wapambana ndi uje. Kwa ine masewera okoma ali pa mayina a mu Januwalewa. Kuloza wopambana pakati pa anthu asanu sikovuta kwenikweni, chifukwa pofika Malichi mphoto zina zonse zimakhala zaulula kale. Koma kutchula asanuwo asanalengezedwe, kuwatola pakati pa mafilimu mazanamazana, ndi pomwe pamaonekera amene anatsatira nkhaniyi chaka chonse.

Musadandaule kuti kuno mafilimu otere amafika mochedwa, ena safika n'komwe. Ntchitoyi ndi yowerenga kwambiri kuposa kuonera. Mufunika kope limodzi, cholembera, ndi kabandulo kokwanira kutsegula nkhani za Variety, The Hollywood Reporter kapena Deadline kamodzi pa sabata. Matirela musataye nawo deta, amakometsera filimu iliyonse.

Yambani ndi funso loti akuvota ndani

Oyamba kumene amalemba mafilimu omwe iwowo anawakonda, ndipo amagwa nawo. Mayina a Oscar sasankhidwa ndi oonera, sasankhidwanso ndi atolankhani. Amavota ndi mamembala a Academy, anthu pafupifupi 10,000 ogwira ntchito zopanga mafilimu, ogawidwa m'nthambi molingana ndi ntchito zawo: osewera, madayirekita, olemba nkhani, ojambula, olumikiza zithunzi, opeka nyimbo, osoka zovala, ndi ena otero. Pa gawo loyambali nthambi iliyonse imasankha anthu ake. Madayirekita asanu amasankhidwa ndi madayirekita okhaokha, osewera amasankhidwa ndi osewera anzawo. Pa filimu yopambana zonse ndi pomwe mamembala onse amaponya voti, ndipo nthambi yaikulu kuposa zonse ndi ya osewera, choncho filimu yodzaza ndi zisudzo zamphamvu imayamba ili kale ndi gulu.

Amene anaonapo mapulaimale a chipani akudziwa zimenezi. Munthu atha kudzaza bwalo pamsonkhano, nsalu ndi matisheti mbwee, koma tsiku la mapulaimale oima kumbuyo kwake ndi nthumwi za m'madera, khamu lija lili kunja kwa mpanda. Inunso pa dzina lililonse dzifunseni kuti nthumwi za nthambi imeneyi zikumuona bwanji.

Dziwaninso kuti nthumwizo zinasintha. Mu 2015 ndi 2016 osewera onse 20 omwe analowa anali azungu, anthu anadandaula kwambiri, ndipo Academy inayamba kuitana mamembala atsopano mazanamazana chaka ndi chaka, ambiri mwa iwo a kunja kwa America. Mu 2020 Parasite ya ku South Korea inakhala filimu yoyamba yosakhala ya Chingerezi kupambana mphoto yaikulu. Kuyambira 2019 mpaka 2025 palibe chaka chomwe mndandanda waukulu unasowa filimu ya chiyankhulo china. Malangizo akale onena kuti filimu yakunja ingolowa m'gawo lake lokha anatha ntchito.

Kawerengedwe ka mavoti

Apa khalanipo pang'ono, chifukwa zodabwitsa zambiri za mu Januwale zimachokera apa. Wovota salemba dzina limodzi. Amalemba mayina motsatana, loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu. Owerengera amayamba kuunjika mapepala molingana ndi dzina loyamba lokha. Tiyerekeze kuti nthambi ina yabweza mapepala 600 ndipo malo ndi asanu. Amagawa 600 ndi 6 n'kuwonjezera imodzi, ndiye kuti amene wafikitsa 101 walowa. Amene ali ndi mulu wochepetsetsa amachotsedwa, mapepala ake n'kupita kwa dzina lotsatira lomwe likadali mumpikisano, ndipo amapitiriza choncho mpaka asanu akwane.

Tanthauzo lake n'lakuti munthu yemwe aliyense amamuika pa nambala 4 atha kutsala, pomwe wina yemwe ambiri sanamuganizire n'komwe, koma kagulu kochepa kakumufera n'kumuika pa nambala 1, amalowa. Kukondedwa kwambiri ndi ochepa kumaposa kukondedwa pang'ono ndi onse. Mu 2023 Andrea Riseborough analowa ndi kafilimu komwe sikanagulitse n'komwe, To Leslie, chifukwa osewera anzake otchuka anamuyankhulira masabata omaliza, ndipo Viola Davis ndi Danielle Deadwyler, omwe olosera ambiri anawalemba, anatsala. Mukamawerenga za filimu, musamangoona kuti aiyamikira angati. Onani ngati pali anthu oyankhula za iyo ngati agwidwa nayo mtima. Mawu oti "ndi yabwino ndithu" salowetsa munthu.

Chotsani zosayenera kupikisana

Iyi ndi ntchito yachangu. Filimu iyenera kupitirira mphindi 40 ndipo ionetsedwe m'nyumba ya kanema kwa masiku 7 otsatizana pakati pa 1 Januwale ndi 31 Disembala, mu umodzi mwa mizinda isanu ndi umodzi ya ku America yomwe Academy inatchula, monga Los Angeles, New York, Chicago ndi Atlanta. Yofuna mphoto yaikulu masiku ano imafunikanso kufalikira kumizinda ina. Choncho filimu ikatchuka ku chikondwerero koma kampani n'kunena kuti idzatuluka chaka chamawa, ifufuteni. Zinatero ndi The Life of Chuck, yomwe inapambana ku Toronto mu 2024 koma n'kutuluka mu 2025. Pa filimu yopambana zonse malo ndi 10. Anali asanu mpaka 2009, kenaka kwa zaka zingapo ankasinthasintha, koma kuyambira 2022 ndi 10 ndendende. Magawo ena onse omwe tikambirane pano ndi asanuasanu.

Tsegulani kope mu Meyi, osati mu Disembala

Tsamba loyamba lembanipo miyezi ya zikondwerero zikuluzikulu za mafilimu. Sundance imachitika mu Januwale, Berlin mu Febuluwale, Cannes mu Meyi, Venice kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, Telluride masiku omwewo, kenaka Toronto.

Cannes kale inkaoneka ngati ya mafilimu ovuta omwe Amereka sawafuna, koma pano ndi poyambira penipeni. Parasite inatenga Palme d'Or, mphoto yaikulu ya kumeneko, mu 2019, Anora mu 2024, ndipo zonse ziwiri zinakapambana Oscar. Triangle of Sadness ndi Anatomy of a Fall, zomwe zinatenga mphoto yomweyo mu 2022 ndi 2023, zinalowa pa 10 paja. Wopambana ku Cannes mulembeni pomwepo. Wa Golden Lion ku Venice mulembeninso, koma ndi pensulo: The Shape of Water, Nomadland ndi Poor Things zinadutsa pamenepo, komabe pali zaka zina zomwe mphotoyo imapita kwa filimu yosamvekanso. Ku Toronto musayang'ane za oweruza, yang'anani mphoto ya oonera, People's Choice Award. Kuyambira 2012 mpaka 2023 filimu iliyonse yomwe inatenga mphotoyi inalowa pamndandanda waukulu wa Oscar, kuphatikizapo 12 Years a Slave yomwe inapatsa Lupita Nyong'o wa ku Kenya mphoto mu 2014. Chizindikiro chodalirika chotere n'chosowa. Lembaninso yachiwiri ndi yachitatu, chifukwa amalengeza zitatu.

Pofika kumapeto kwa Seputembala, kutentha kwa kuno kukuyamba kuluma, mukhale ndi mafilimu 25 kapena 30. Pafupi ndi iliyonse lembani zinthu zitatu: dayirekita, mwezi wotulukira, ndi kampani yomwe ikuigulitsa ku America. Ambiri mwa opikisana amatuluka pakati pa Seputembala ndi Disembala kuti ovota asaiwale, ngakhale kuti Everything Everywhere All at Once inatuluka mu Malichi 2022 ndipo Oppenheimer mu Julayi 2023. Filimu yotuluka msanga imapulumuka ngati anthu akuikambabe patatha miyezi isanu ndi umodzi.

Nkhani ya kampani musaipeputse. Kulowa pa Oscar kumafuna kampeni: zikwangwani, kuonetsa filimu kwa ovota, maphwando, osewera kuyendayenda m'mawailesi. Zonsezi ndi ndalama. Neon, A24, Searchlight, Focus Features, Sony Pictures Classics ndi Netflix ndi akadaulo a ntchitoyi. Kampani ikakhala ndi mafilimu atatu abwino, pofika Novembala imakhala yasankha imodzi yoti iikepo mphamvu, ndipo mumadziwira pa osewera omwe akuoneka paliponse. Filimu yabwino yopanda woikankha kawirikawiri imathera panjira.

Nanga mafilimu athu a m'mavidiyo shoo? Mkulu wina woonetsa mafilimu cha kumsika ataona mndandanda wa chaka china anapukusa mutu. "Achimwene, zonsezi ndilibe ndi imodzi yomwe. Filimu yopanda chibakera ana angalipire?" Ankanena zoona za malonda ake. Mafilimu ankhondo ndi zigawenga omwe amadzaza mabenchi kuchokera ku Namwera mpaka ku Monkey Bay amalowa m'magawo a phokoso ndi zithunzi za pakompyuta, koma pamndandanda waukulu pamakhala malo amodzi kapena awiri a filimu yogulitsa kwambiri, ndipo imayenera kukhala yoti ounika mafilimu nawonso aigwadira. Black Panther inalowa mu 2019, Top Gun: Maverick mu 2023. Asungireni malo amodzi, akachuluka awiri.

Disembala ndi Januwale: kulemba zizindikiro

Tsopano jambulani mizere m'kope. Kumanzere mayina, pamwamba mabungwe. Bungwe likatchula dzina, chongani. Koma zochonga sizilemera mofanana, ndipo apa ndi pomwe wolosera wabwino amasiyana ndi wongowerenga manambala.

Oyamba kuyankhula ndi ounika mafilimu a ku New York ndi Los Angeles, pamodzi ndi mabungwe a National Board of Review ndi AFI (American Film Institute), kumayambiriro kwa Disembala. Awa savota pa Oscar. Ntchito yawo n'kuuza ovota filimu yoti aonere pa tchuthi cha Khrisimasi, choncho amathandiza kafilimu kakang'ono kuti kasakwiririke. AFI imatchula mafilimu 10 a ku America okha, ndiye filimu yakunja ikasowa pamenepo musaichotse. Golden Globes nawonso ndi atolankhani, ndipo amagawa mafilimu pawiri, a nkhani zolemera ndi anthabwala kapena oimba, gawo lililonse mayina asanu ndi limodzi. Ndiye kuti amatchula amayi 12 pomwe Oscar ili ndi malo asanu. Kulowa pamenepo si kanthu kwenikweni. Kusowapo ndiye chenjezo. Phindu lenileni la Globes ndi nthawi yake: mwambo wake umachitika kumayambiriro kwa Januwale, ovota a Oscar atatsala pang'ono kuyamba kuvota, ndipo wopambana akayankhula zogwira mtima amakumbukiridwa. Fernanda Torres wa ku Brazil anapambana kumeneko mu 2025, ndipo patangopita masabata ochepa iye ndi filimu yake analowa.

Olemera ndi mabungwe a ogwira ntchito, chifukwa ena mwa mamembala awo ndi omwewo a Academy. PGA ndi ya opanga mafilimu, DGA ya madayirekita, SAG ya osewera, WGA ya olemba, ndipo BAFTA ya ku Britain imakuuzani maganizo a ovota a ku Ulaya. Ine ndimapereka mapointi awiri pa chizindikiro cha awa, imodzi pa cha atolankhani. Pakati pa Disembala Academy yokha imatulutsanso mindandanda yochepetsedwa ya magawo ena, monga mafilimu akunja 15, nyimbo 15, ndi 10 a zodzoladzola. Iwerengeni yonse ngakhale simukulosera magawo amenewo. Filimu yooneka m'mindandanda inayi kapena isanu ndiye kuti nthambi zambiri zaionera. All Quiet on the Western Front ya ku Germany inadziwikira pamenepo mu Disembala 2022, anthu ambiri asanaiganizire.

Kudzaza magawo

Pa filimu yopambana zonse yambirani pa 10 a PGA. Mu 2024 onse 10 anafanana ndi a Oscar, mu 2025 anafanana 8, mu 2023 anafanana 7. Choncho ntchito yanu n'kupeza awiri kapena atatu oti achoke. Ochoka kawirikawiri amakhala mafilimu ogulitsa kwambiri omwe opanga mafilimu amawalemekeza chifukwa cha ndalama, ndipo olowa m'malo mwawo amakhala akunja kapena ang'onoang'ono okhala ndi owafera. Mu 2023 Glass Onion ndi Black Panther yachiwiri zinatsala, All Quiet ndi Triangle of Sadness n'kulowa.

Gawo la madayirekita ndi lomwe ndimalikonda, chifukwa khalidwe lake limabwerezabwereza moti mutha kulidalira. Nthambiyi ndi yaing'ono, ili ndi anthu ambiri akunja, ndipo siichita manyazi kusiya munthu wotchuka. Tengani asanu a DGA, chotsanipo mmodzi, ikanipo wa ku Ulaya kapena Asia yemwe filimu yake inamveka ku Cannes kapena Venice. Mu 2019 Bradley Cooper anatsala, Paweł Pawlikowski wa ku Poland n'kulowa. Mu 2021 Aaron Sorkin anasiyira malo Thomas Vinterberg wa ku Denmark. Mu 2022 Denis Villeneuve anatsala ngakhale Dune inalowa m'magawo 10, ndipo analowa Ryusuke Hamaguchi wa ku Japan. Mu 2023 anali Ruben Östlund, mu 2024 Justine Triet ndi Jonathan Glazer anakankha Greta Gerwig ndi Alexander Payne, mu 2025 Coralie Fargeat anatenga malo a Edward Berger. Wochotsedwa amakhala yemwe filimu yake ndi yosalala, yokondweretsa aliyense, koma yosaonetsa dzanja la mwini wake. Musaope kuchotsa dayirekita wa filimu yamphamvu. Argo inapambana mphoto yaikulu mu 2013 Ben Affleck asali pamndandanda wa madayirekita.

Osewera ali ndi magawo anayi: mwini filimu wamwamuna, mwini filimu wamkazi, ndi othandizira awiri. Yemwe watchulidwa ndi Globes, Critics Choice (mphoto za ounika mafilimu), SAG ndi BAFTA onse mulembeni, koma mufunse funso limodzi: filimu yake ili moyo? Mu 2022 Lady Gaga anali ndi zizindikiro zinayi zonsezo koma anatsala, chifukwa House of Gucci sinakondedwe. Chaka chomwecho Penélope Cruz, wopanda ndi chimodzi chomwe mwa zinayizo, analowa, atapambana ku Venice ndi kwa ounika a ku Los Angeles. Pa malo achisanu, mukakayika pakati pa awiri, tengani yemwe filimu yake ili pa 10 panu paja, chifukwa ovota saonera zonse, amaonera zomwe zikumveka, ndipo filimu yamphamvu imakoka osewera ake. Marina de Tavira analowa choncho ndi Roma mu 2019, mabungwe akuluakulu asanamutchule.

SAG imakonda nkhope zodziwika ku America ndipo imadumpha kawirikawiri oyankhula ziyankhulo zina. Sandra Hüller sanali pa SAG mu 2024, Torres sanalipo mu 2025, onse analowa Oscar. Osewera amakondanso mnzawo akasanduka munthu weniweni wa m'mbiri. Forest Whitaker anapambana mu 2007 ngati Idi Amin, Morgan Freeman analowa mu 2010 ngati Nelson Mandela, Don Cheadle mu 2005 ndi Hotel Rwanda. Kusintha thupi, kayankhulidwe, kudwala, kulira pamaso pa kamera, zonsezi zimawagwira. Nthabwala ndi mafilimu oopsa zimavutika. Chenjeraninso ndi malire a mwini filimu ndi wothandizira: kampani imapempha gawo lomwe ikufuna, koma ovota ali ndi ufulu kuika munthu komwe akuona. Kate Winslet anamukankhira ku othandizira ndi The Reader, ovota anamuika pa eni filimu mu 2009. LaKeith Stanfield mu 2021 zinamuchitikira mosemphana.

Pa olemba pali magawo awiri, nkhani yopeka kumene ndi yochokera m'buku kapena ntchito ina. WGA pano musaikhulupirire kwambiri, chifukwa malamulo ake amatsekera kunja olemba ambiri osakhala mamembala, makamaka akunja. Gawirani mafilimu anu 10 aja m'magawo awiriwa, malo otsala mupatse kafilimu kanzeru komwe katsala pang'ono kulowa pamwamba. Pa nyimbo, mukaona dzina la wolemba nyimbo Diane Warren pa 15 paja lembani osafunsa. Walowa kopitirira ka 15, ngakhale mafilimu ake ena palibe amawakumbukira.

Gawo la mafilimu akunja, komwe kuli ifeyo

Dziko lililonse limatumiza filimu imodzi yokha, ndipo mawu oposa theka asakhale a Chingerezi. Nigeria inagwa pa lamulo limeneli mu 2019 pomwe Lionheart ya Genevieve Nnaji inachotsedwa. Malawi inatumizako koyamba mu 2018, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, kenaka Fatsani mu 2021. Filimu ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, yomwe muli Chichewa chambiri, inatumizidwa ndi Britain mu 2019. Zonsezi sizinadutse gawo loyamba, ndipo wolosera ayenera kudziwa chifukwa chake popanda kukhumudwa: mayiko otumiza amapitirira 80, ovota sangaonere zonse, ndipo zomwe zimadutsa pafupifupi nthawi zonse zimakhala zoti zinamveka ku Cannes, Venice, Berlin kapena Toronto, zili ndi kampani yoziyendetsa ku America. Za mu Africa zomwe zinafika zinadutsa njira yomweyo. Tsotsi ya ku South Africa inatenga mphoto ya oonera ku Toronto isanapambane mu 2006, Timbuktu ya ku Mauritania inapikisana ku Cannes isanalowe mu 2015. Mtima ufune bwanji, pepala lanu lilembe zomwe zili ndi miyendo.

Onetsetsaninso kuti filimu yomwe mukuiganizira ndi yomwedi dziko lake latumiza. France sinatumize Anatomy of a Fall, India sinatumize RRR. Mafilimu awiriwa sanalowe m'gawoli, koma anali ndi ufulu m'magawo ena, ndipo RRR inakatenga mphoto ya nyimbo mu 2023. Mndandanda wa 15 ukatuluka, yambani ndi filimu yomwe mwaiika kale pa 10 panu, onjezani ziwiri kapena zitatu zomwe zili pa Globes ndi BAFTA, ndipo malo omaliza musiyire kadziko kosayembekezeka. Bhutan inalowa choncho mu 2022.

Kutseka pepala

Dikirani mpaka DGA, PGA, SAG ndi BAFTA atayankhula, zomwe kawirikawiri zimatha sabata yachiwiri kapena yachitatu ya Januwale. Tsiku lolengeza lionetsetseni, chifukwa limatha kusuntha. Mu 2025 linasunthira pa 23 Januwale chifukwa cha moto wa ku Los Angeles. Kenaka lembani mayina motsatana ndi chikhulupiriro chanu, ndipo pansi pa gawo lililonse ikani dzina limodzi lapadera. Musalole zodabwitsa zoposa chimodzi pa gawo. Ena amadzaza pepala ndi mayina achilendo kuti akalondola amodzi adzitame mwezi wonse, koma pamapeto amapeza 2 pa 5. Komanso musakope asanu omwe aliyense akutchula m'magawo onse, chifukwa chaka sichidutsa popanda wina wamkulu kugwa. Mukamaliza werengani pepala lonse ngati nkhani imodzi. Ngati filimu ili pa 10 panu koma ilibe dayirekita, wolemba kapena wosewera aliyense, mufunse kuti mavoti ake achokera kunthambi iti.

Ngati mukupikisana ndi anzanu, gwirizanani malamulo pasadakhale. Magawo asanu ndi atatu akukwana: filimu, dayirekita, osewera anayi, olemba awiri. Onse pamodzi ndi mayina 45. Dzina lolondola pointi imodzi, lapadera likalowa theka, ndipo wolondola dzina lomwe wina aliyense sanalembe apatsidwe ziwiri. Mapepala asainidwe n'kuperekedwa kwa munthu wosapikisana nawo, kaya mayi a pagolosale kapena wometa, dzulo lake dzuwa lisanalowe, chifukwa foni ikangolira 3:30 pamapezeka anthu okumbukira kuti dzina lija analilemba m'mutu. Mphoto ikhale yaing'ono, chambo chimodzi chowotcha kapena mayunitsi. Januwale ndi mwezi wa fizi ndi feteleza, za kubetcha ndalama zisalowepo. Foni itchajidwe m'mawa, poti mvula ya masana imakonda kupita ndi magetsi, ndipo ngati netiweki kwanuko ndi yovuta musalimbane ndi kanema wa pompopompo, mayina olembedwa amatuluka pasanathe mphindi zochepa.

Wopeza 33 pa 45 wachita bwino, wopitirira 38 ayenera kuitanitsa chambocho. Madzulo a tsiku lomwelo bwererani m'kope, ndipo pafupi ndi dzina lililonse lomwe laphonyeka lembani chizindikiro chomwe chinakunamizani, kaya ndi SAG, kaya Globes, kaya mtima wanu. Siyani masamba angapo opanda kanthu kutsogolo kwake, chifukwa Sundance imayamba sabata yomweyo kapena yotsatira, ndipo CODA, yomwe inapambana mu 2022, inaonekera koyamba kumeneko mu Januwale 2021.